A Chitini a ku Kakumbi ndi Mphepo Yosaoneka

M'chaka cha 1994, kumapeto kwa Ogasiti, alendo asanu ndi mmodzi ochokera kutsidya kwa nyanja anajambula zitini ziwiri za mkaka mu mtengo wa mchenje ku Kakumbi, ali chete ngati ali m'tchalitchi, poganiza kuti akujambula maso a nyalugwe. Amene anawaonetsa nyalugwe ameneyo anali a Zebron Daka, wogwira nyali pa galimoto ya loji ina ya alendo odzaona nyama ku Mfuwe. Kuyambira tsiku limenelo dzina lakuti Daka linatsala pa chiphaso chokha. Anthu onse, kuyambira ku bwalo la ndege mpaka ku mlatho wa Luangwa, anawatcha a Chitini.

A Zebron anabadwira ku Katete mu 1966. Atate awo, amene anali telala, anatsikira kuchigwa cha Luangwa mu 1973 ndi makina osokera, atamva kuti kuno minga imang'amba zovala msanga kuposa kumtunda. A Zebron anaphunzira mpaka giredi seveni, ndipo mu 1987 analowa ntchito yochapa ndi kusita pa loji. Patapita zaka zitatu, mkulu wa pantchito anazindikira kuti iwo amaona kadontho pa nsalu yoyera pamene anzawo sakuona kanthu, choncho anawakweza pa galimoto ndi kuwapatsa nyali. Pokamba za zimenezi, eni ake amati apo ndi pamene dziko linalakwitsa: linatenga munthu woona timadontho ndi kumupatsa nkhalango yathunthu.

Ntchito ya wogwira nyali imayamba dzuwa likangolowa. Amakhala kutsogolo pambali pa woyendetsa, ndi kumaponya kuwala uku ndi uku, kufunafuna maso. Nyama yeniyeniyo sayiona poyamba. Amaona timoto tiwiri, ndipo pa timoto timeneti ayenera kutchula dzina. Maso a nswala amabiriwira, a ng'ona amafiira ngati makala, a changa amalumpha pa nthambi, ndipo a nyalugwe ndi achikasu, odekha, osathawa nyali. Palinso mawu ena amene wogwira nyali aliyense amawaphunzira chaka choyamba chisanathe. Alendo akatopa osaona kanthu, amaimitsa galimoto pa udzu uliwonse wogona, ndi kunong'ona kuti yangodutsa kumene. Alendo amayang'ana udzuwo mwaulemu, ena amaujambula, ndipo m'mawa mwake amakwera ndege mitima itakhazikika. A Zebron amati limeneli si bodza kwenikweni, pakuti m'chigwa muno palibe udzu umene nyama sinaponde.

Alendo a mu Ogasiti aja anali atakhala masiku angapo osaona nyalugwe, ndipo amenewo anali madzulo awo otsiriza. Mmodzi mwa iwo, mayi wachikulire wa tsitsi loyera, anali atanena kuti sadzabweranso ku Afrika chifukwa miyendo yake yatha. Galimoto inali itatuluka kale m'paki ya nyama zakuthengo, ikudutsa m'mbali mwa madimba, pamene nyali inagwira timoto tiwiri pa nthambi. Timotito tinkaphethira. A Zebron amavomera mosabisa kuti tinali toyera, osati tachikasu, ndipo tinali totalikirana moti nyalugwe wake akanakhala ndi mutu wa mvuu. Koma mayi wachikulire uja anali atawagwira paphewa, ndipo pakamwa pawo panatuluka dzina la nyalugwe mutu usanafunsidwe.

Woyendetsa anakhotetsa galimoto mwakachetechete, matayala ndi kuponda mizere ya chimanga. Alendo anajambula mpaka ena mafilimu anawathera. Kenaka mwini dimba, a Boston Chulu, anatsika pa nsanja yawo yolondera njovu atafunda bulangeti, nafunsa mwaulemu m'Chikunda ngati azunguwo akufuna kugula zitini zawo, pakuti iwo anazipachika pa waya kuti zizilira njovu ikakhudza. Kumbuyo kwawo kunali mlongo wawo Esnati, amene anali atabweretsa madzi akumwa, ndipo iye anaseka mpaka anakhala pansi.

M'mawa mwake a Zebron anabwerera ku dimbalo wapansi kukapepesa chifukwa cha chimanga chopondedwa. Mu 1995 anakwatira Esnati. A Esnati akafunsidwa amati mwamuna amene chigwa chonse chamuseka, koma n'kubwerabe masanasana kudzapepesa chifukwa cha chimanga, ayenera kuyang'anidwa kawiri. A Zebron amati tsiku lomwe lija anaona zinthu ziwiri zowala pa dimba limodzi, ndipo chimodzi chokha ndicho chinali chitini. Koma ukwatiwo unabwera ndi katundu wake: a Boston anakhala alamu awo, ndipo zitini ziwiri zija anazichotsa pa waya ndi kuzisomeka kudenga kwa nyumba yawo, kuti mlendo aliyense wofika aziona ndi kumva nkhani yake.

Kuno mwamuna akabereka, dzina la mwana limaphimba lake. Tecla atabadwa mu 1996, a Zebron anayembekeza kuti adzakhala atate a Tecla monga amuna onse. Sizinatheke. M'malo mwake mwanayo ndiye anatchedwa mwana wa a Chitini, kusukulu, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi. Paja amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. A Zebron ankati pakhomo pawo mwambiwo unalowa chafutambuyo.

Pansi pa msikidzi wa kuseri kwa tchalitchi, amuna amene anagwirapo ntchito m'maloji amasewera nsolo Lamulungu lililonse masana, ndipo a Boston, ngakhale sanagwirepo pa loji, ndiwo amaweruza. Amuna amenewa ali ndi lamulo lawo pa maina a chipongwe. Dzina limatsukidwa ndi nyama, koma nyama yokha siyikwana: payenera kuchitika chinthu m'nyumba mwa munthuyo chofafaniza chimene chinabweretsa dzinalo. A Onesmus Ngoma anatchedwa a Ndagwa kwa zaka zambiri chifukwa chogwa pa galimoto pamaso pa alendo, mpaka mwana wawo anakhala woyendetsa wamkulu pa loji yomweyo. Anapha nkhumba, ndipo dzina linachoka tsiku lomwelo. Pa nkhani ya a Zebron, a Boston anagamula kalekale kuti dzina lobwera ndi maso lidzachoka ndi maso. Wina wa m'nyumbamo aone chinthu chimene munthu wina sanachionepo, ndipo chikhale chenicheni. A Zebron anayesa okha. Anaona akambuku ang'onoang'ono a m'thengo, ankaka, ngakhale nyalugwe weniweni kambirimbiri, koma akafika pansi pa msikidzi ankafunsidwa ngati anali wa mkaka kapena wa nyama ya m'chitini. Mu 2016 maso awo anafooka ndipo anapuma pa ntchito. A Boston anati masowo anapuma kale mu 1994, mwini wake ndiye anachedwa kumva.

Tecla ali wamng'ono ankakonda kufunsa atate ake chifukwa chimene maso a ng'ona amafiirira pamene a nswala amabiriwira, nyali ili imodzi. A Zebron ankayankha kuti Mulungu anatero. Mwanayo sanakhutire, ndipo tinganene kuti sukulu yake yonse inali yofunafuna yankho limene atate ake analibe. Anamaliza sekondale bwino, mu 2015 anapita ku yunivesite ku Lusaka, ndipo mu 2019 anawoloka kupita ku Kapa, mzinda wa kumwera kwenikweni kwa Afrika, kukaphunzira za nyenyezi. A Zebron ankauza anthu kuti mwana wawo watenga ntchito yawo yomwe, kungoti galimoto yake ndi yaitali.

Chimene Tecla ankafufuza anachifotokoza kwa atate ake pa foni kangapo konse, ndipo a Zebron anachimva motere. Kutali kwambiri, m'milalang'amba ina kuseri kwa nyenyezi zonse zimene timaona, muli timalo towala mopitirira muyeso, osati ndi kuwala kwa maso, koma ndi kuwala kwa ekisireyi, komwe kuja amajambulira mafupa kuchipatala. Timalo timeneti timawala kuposa mmene kukula kwake kungalolere. Akatswiri amaganiza kuti pamenepo pali nyenyezi yakufa yofinyika, kapena dzenje lakuda limene ngakhale kuwala kukagweramo sikutuluka, ndipo chinthucho chikuyamwa mpweya wa nyenyezi ina yoyandikana nacho mwadyera, msanga kuposa mmene chingamezere. Zotsalazo zimaulutsidwa ngati mphepo yamphamvu, yothamanga moti nthawi zina imafika gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro la kuwala. A Zebron apa sanavutike. Anati njovu ikaswa nkhokwe, chimanga chomwazika chimaposa chodyedwa, ndipo Tecla anati fanizolo silinaphonye kwambiri.

Vuto ndi lakuti mphepoyo siyioneka. Makina amene amazungulira dziko kumwamba amatola kuwalako kanjere kamodzikamodzi, ndipo Tecla amayala tinjereto motsatira mphamvu yake, monga mitundu imayalidwira pa utawaleza. Ngati pakati pa ife ndi chowalacho pali mphepo, chitsulo ndi okosijeni za mu mphepoyo zimadya kuwala pamalo ake odziwika, ndipo pa utawalezapo pamatsala mpata ngati wa dzino loguluka. Mphepoyo ikamabwera chakuno, mpatawo umasuntha pamalo pake, ndipo kusunthako ndiko kumanena liwiro. A Zebron anati, mwachidule, mwana wawo amatchula dzina la nyama poona mtundu wa maso, monga iwo, koma iye amayang'ana mtundu umene wasowa.

Mu Juni 2022 Tecla anaimba foni. Chowala china chimene ankachiyang'ana, chopanda dzina koma nambala yokha, chinali chitaonetsa kampata pamalo poyenera. Palibe amene anaonapo mphepo pa chowala chimenecho. Anachonderera atate ake kuti asauze munthu, chifukwa panali ntchito yaikulu yotsimikizira. A Zebron analonjeza. Anauza a Esnati okha, pakuti mkazi si munthu wina. Kenaka anauza a Boston, pakuti mlamu ndi mbale wa mkazi. Ndipo pofika Lamulungu mkulu wa mpingo anayamika Mulungu pa guwa chifukwa cha mwana wa kwathu amene waona mphepo ya kumwamba. A Boston anakanda kumutu pansi pa msikidzi, navomera kuti ngati zili choncho, lamulo lakwanira. Anati tsiku limene Tecla adzabwere ndi umboni, iwo adzatsitsa zitini kudenga ndi kukaziponya mu mtsinje wa Lupande ndi manja awo.

Sabata yomweyo a Zebron anapita ku Malama kukatenga mbuzi, tonde wofula wa mawanga, ndi kubwera naye pa njinga atamumanga m'dengu. Ankaganiza kuti mbuziyo idzakhala pakhomo mwezi umodzi kapena iwiri. Inakhala chaka ndi miyezi iwiri. Kusunga mbuzi ku Kakumbi ndi ntchito ya munthu wopanda zochita zina, chifukwa afisi ndi anyalugwe amayendera makola monga akulu a mpingo amayendera odwala. A Zebron anamanga khola lapamwamba, analikuta ndi minga, ndipo pomaliza, atasowa chochita, anapachika waya wa zitini mozungulira. A Boston atabwera kudzaona anavula chipewa, nati sakufuna kusokoneza alamu awo ali pakati pa abale. Mbuziyo inanenepa, inadya chitenje cha a Esnati pa chingwe, ndipo ana a pamudzi anayamba kuipatsa moni. Aliyense wodutsa akafunsa kuti mwaswera bwanji, maso ake ankapita ku khola, ndipo a Zebron ankadziwa kuti funso lenileni ndi lina. Pa foni Tecla ankalankhula za mvula, za nyumba yake yozizira, za chigayo chatsopano, koma za mphepo ankangoti ntchito ikuyenda. A Zebron ankadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kuti iwo pa moyo wawo wonse sanadekhepo.

Tecla anafika mu Ogasiti 2023, digiri yake ya udokotala itavomerezedwa. Phwando linakonzedwa Lamulungu masana. Loweruka m'mawa mbuzi inali isanaphedwe, ndipo a Esnati atapita kukabwereka mapoto, Tecla anaika kompyuta yake pa mtondo wovundikira pakhonde, naitana atate ake kuti avale magalasi.

Anawaonetsa mzere wokhotakhota ngati njira ya chiswe, ndipo pakati pake panali kadzenje. A Zebron anakaona msanga mwana wawo asanaloze, ndipo anakondwera kuti maso awo adakalimo. Kenaka Tecla anawaonetsa mzere wina, nawafunsa kuti apeze kadzenje. Anakapeza. Anawaonetsa wachitatu, ndipo anakapezanso, kakuya kuposa koyamba kaja. Apo ndi pamene Tecla anawauza kuti mzere woyamba wokha ndiwo wochokera kumwamba. Enawo anawapanga yekha pa kompyuta, ndipo anawapanga mwadala opanda mphepo. Anafotokoza kuti tinjere ta kuwala tikakhala tochepa timagwa mosalingana, monga mapira ofesa ndi dzanja, ndipo pena pamatsala dazi popanda amene wadyapo. Choncho wofufuza amapanga mautawaleza abodza ochuluka, omwe akudziwa kuti mulibe kanthu, ndi kuwerenga kuti ndi angati amene akuonetsa mpata wofanana ndi wake. Akakhala mmodzi kapena awiri pa chikwi, munthu angathe kuyamba kulankhula. Ake anali makumi asanu ndi limodzi pa chikwi.

A Zebron anavula magalasi ndi kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali.

“Ndiye kuti zitini mumazipanga dala?”

“Masauzande, atate. Ntchito yeniyeni ndi imeneyo. Kuyang'ana kumwamba ndi kwa kanthawi.”

Anafunsa ngati ndiye kuti mphepo kulibe. Tecla anati sakudziwa. Mwina iliko, mwina kulibe. Chimene analemba m'buku la digiri yake ndi chakuti ngati iliko, ndi yofooka kuposa muyeso wakutiwakuti, ndipo aphunzitsi ake anati ntchitoyo ndi yabwino. A Zebron anayang'ana ku khola. Mbuzi inali ikutafuna minga mwamtendere, osadziwa kuti moyo wake ukukambidwa mu milalang'amba. Anatsitsa mawu, monga ankachitira pa galimoto.

“Mayi wanga, sungangonena kuti yangodutsa kumene?”

Tecla anawadziwa mawuwo kuyambira ali pamsana. Anaseka pang'ono, koma sanawayang'ane kumaso.

“Alendo anga sakwera ndege mawa, atate. Aliyense ali ndi nyali yake, ndipo onse adzabwera pa mtengo womwewo.”

“Ku Kakumbi kuno kulibe wa nyali yotero.”

“Kulibedi. Mbuzi ndi yanu, pakamwa ndi panu. Ine sindikakutsutsani pa anthu. Koma musakandiimiritse kuti ndichitire umboni.”

A Esnati atabwera ndi mapoto ndi kumva nkhaniyo, sanatengeko mbali. Anangoti mbuziyo iphedwe, kaya mphepo iliko kaya kulibe, chifukwa iwo zitenje zawathera.

Tsiku lonse la Loweruka a Zebron anasenda mbuzi, kuwaza nkhuni ndi kusesa bwalo, akukonza mawu m'mutu. Anapeza kuti bodza silinali lofunika nkomwe. Akanangoti mwana wathu wabwera ndi digiri, ndipo zimene munamva zija zili m'buku lake, anthu akanaomba m'manja. Bukulo linali la Chingerezi chodzaza manambala, ndipo ngakhale mphunzitsi wamkulu wa pa sekondale analitsegula ndi kulitsekanso mwaulemu. Mawu amenewo anali udzu wogona weniweni, ndipo iwo anali katswiri wa udzu wogona. Chimene chinkawavuta chinali mzere wachitatu uja. Anali atauloza ndi chala, motsimikiza, magalasi ali pamphuno, monga momwe analozera nthambi ya mchenje. Mwana wawo anakhala chaka chathunthu akuyang'ana nyalugwe wake, akumufuna koposa mmene mayi wa tsitsi loyera uja ankafunira wake, ndipo pamapeto pake anatsika yekha pa galimoto kukagogoda kuti amve ngati akulira ngati chitini.

Lamulungu masana bwalo linadzaza. Kunabwera a mpingo, amuna a pansi pa msikidzi, akazi a kuchigayo, ndi ena amene anangotsatira fungo. A Boston anafika mochedwa mwadala, atavala jekete, atanyamula kamtolo ka nsalu. Anakamasula pa tebulo pamaso pa onse. Zitini zija zinali zadzimbiri, chimodzi chobowoka pansi, moti ngakhale wakhungu sakanazitcha maso a chilichonse. A Boston anati Lupande sali kutali, ndipo iwo miyendo idakali yabwino. Angomva mawu a mwini nyumba, kenaka anyamuke. A Onesmus, amene ankadziwa kukoma kwa tsiku lotere, anagwira a Zebron dzanja ndi manja awiri.

A Zebron anaimirira. Anayamba ndi chaka chimene atate awo anatsikira kuchigwa, anadutsa pa ntchito yosita, anathokoza a Esnati, anathokoza aphunzitsi a Tecla mmodzimmodzi, ndipo anthu anaona kuti akuzungulira ngati galimoto yosaka msewu. Tecla anakhala pa mphasa pakati pa akazi, akuyang'ana zala zake. Atafika pamalo pamene anakonza kunena za buku, a Zebron anayang'ana zitini, nakhosomola.

“Chaka chatha ndinakuuzani kuti mwana wanga waona mphepo. Iye sananene choncho. Ndinanena ndine, ndipo mukundidziwa. Anaona timoto tiwiri pa nthambi. Anapita pafupi kukayang'anitsitsa, ndipo wapeza kuti mwina ndi chitini. Kusiyana kwake ndi kwakuti iye wachizindikira asanaitane alendo. Pa banja la a Daka, kumeneko ndi kupita patsogolo. Tiyeni tidye mbuzi.”

A Esnati anaseka, kuseka komwe kuja kwa pa dimba, ndipo bwalo lonse linawatsatira. A Zebron anakhala pansi, ndipo anadabwa kuti kusekedwa ndi anthu omwewo pa nkhani yomweyo kungamveke mosiyana chotero.

A Boston sanaseke msanga. Anakoka mpando pafupi ndi mlamu wawo.

“Ndiye dzina latsala, alamu.”

“Latsala. Mbuzi ndiyo yapita.”

Kenaka a Boston anaitana Tecla, amene kwa iwo ndi mwana wa mlongo wawo, namufunsa ngati zikutanthauza kuti mphepoyo kulibe. Tecla anagwada pambali pawo, nawafotokozera kuti kusaona chinthu si umboni wakuti kulibe. Nyali inali yochepa ndipo nthawi inali yaifupi, choncho mphepoyo ingakhale ili kuseri kwa kadzenje komweko. A Boston anaganiza, akutafuna nthiti. Anafunsa ngati, potsatira maphunziro amenewo, nkutheka kuti kuseri kwa zitini zawo tsiku lija kunalidi nyalugwe. Tecla anati sangakane, pakuti palibe amene anaunika kuseri kwa nthambi.

A Zebron anaika fupa pansi ndi kupukuta manja. Anati akhala akudikira kuyambira 1994 kuti munthu wophunzira anene mawu amenewo pa anthu, ndipo sanadziwe kuti ayenera kumubereka okha.

A Boston anagamula pomwepo kuti mlandu sunathe koma waimitsidwa, ndipo zitini sizipita ku Lupande. Popeza dzina la dokotala wosabaya jakisoni silikanagwira ku Kakumbi, amuna a pansi pa msikidzi anayamba kutcha Tecla a Dokotala Chitini tsiku lomwelo, ndipo iye anayankha.

Mu Sepitembala 2023 Tecla anabwerera ku Kapa ndi chitini chobowoka chija, chimene tsopano amaikamo zolembera pa tebulo lake. Mu 2024 anapempha kuti makina a kumwamba ayang'anenso chowala chake kwa nthawi yotalikirapo, ndipo anavomerezedwa. Zotsatira zake sanauze atate ake. Chitini chachiwiri a Boston anachibwezera pa waya wa ku dimba, pakuti njovu sizinasiye kubwera. A Zebron amatchedwabe a Chitini, ndipo mu Meyi 2025 anapitanso ku Malama kukatenga mbuzi ina.